Mchere wa Amake Audrey

Lachitatu, 9 Julaye 1975

Andigoneka lero m'mawa. Wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera loyang'ana ku njanji. Kabuku aka kanali ka masamu ka Audrey, mwana wanga wamkulu, ndipo masamba oyamba ndang'amba. Ndizilembamo, poti kugona chagada sindingathe ndipo kungokhala kukundipengetsa.

Ndine Lastone Nkhuwa, zaka 38. Ndimagwira ntchito ku fakitale ya fetereza, kosokera matumba. Kwathu ndi ku Chipata, koma ndimakhala ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, ndi mkazi wanga Olipa ndi ana awiri, Audrey ndi Ferdinand. Manesi andifunsa zimenezi mobwerezabwereza mpaka ndikuzinena ngati katekisimu.

Miyendo yatupa mpaka m'mawondo. Mimba ili ngati ng'oma! Ndikayenda pang'ono mpweya ukuthawa. Sikelo yati makilo 74, pamene chaka chatha ndinali 61. Sisita Clementina, nesi wamkulu wa wodi ino, anadina chala chachikulu pa msongolo wanga n'kuchichotsa. Panatsala kadzenje, osabwerera.

"Mwaona ba Nkhuwa? Aya si mafuta, ni manzi."

Madzi! Miyezi yonseyi anthu ku Nangongwe akhala akundiyamikira: "Ba Nkhuwa fetereza yabayanja, onani mimba ya ubwana." Ine n'kumaseka, n'kuboola lamba bowo lina ndi msomali. Chitsiru ine.

Jekeseni wa lasikisi, wochotsa madzi. Piritsi laling'ono loyera, digokisini, lolimbitsa mtima. Mchere ayi. Mikodzo yonse m'botolo kuti aziiyeza.

Lachinayi, 10 Julaye

Lasikisi si masewera. Botolo ladzaza, lina ladzaza. Makilo 72.

Kuno tsiku limayamba kusanayere: kagalasi m'khwapa, sikelo, phala losakoma, kenaka kukolopa ndi mankhwala onunkha aja. Mphepo ya Julaye ikulowera pa galasi losweka. Bulangete ndi limodzi.

Kumanja kwanga kuli ba Lemmy, dalaivala wa lole wochokera ku migodi, mwendo uli m'pulasitala ataupachika m'mwamba. Pakamwa pawo sipatseka. "Muli shani ba neba? Iyo mimba mubala liti?" Ndinafuna kukwiya koma mpweya wokwiyira ndinalibe. Moyang'anana nane muli ba Morris, msodzi wachikulire wa ku mtsinje, otupa kuposa ine. Salankhula.

Dokotala wabwera chakumasana. Ndi mnyamata wamtali wa magalasi, Mtonga, dzina lake Hamoonga. Amachokera ku Lusaka Lolemba ndi Lachinayi. Nkhope yake ndinaidziwa msanga: ndi mmodzi wa aja anabwera ku fakitale chaka cha 1973 kudzatipima mitima.

Tsikulo anatiika pa mzere m'kantini, malaya m'manja. Panali mzungu wachikulire ndi anyamata ake. Sikelo, lamba wopopa wa pamkono, magazi m'kabotolo kuti aone mafuta, ndi mafunso: mumasuta? muli ndi shuga? Ankati akufufuza njira yodziwiratu amene adzadwale mtima m'zaka khumi zikubwerazo. Patapita mwezi kunabwera makhadi, ofiira kwa amene ali pangozi, obiriwira kwa amene ali bwino. Folomani wathu ba Gordon, onenepa, osuta ngati sitima ya malasha, analandira lofiira, anthu n'kumawaseka kuti akhomeretu bokosi. Ine lobiriwira. Ndinapita nalo kunyumba ngati satifiketi, Olipa n'kulilowetsa m'mphepete mwa chithunzi cha ukwati wathu.

Dzulo amene anandibweretsa kuno pa galimoto ya kampani ndi ba Gordon omwewo, ali gwa, ndudu pakamwa.

Ndinamuuza dokotalayo kuti, "Ba dokota, paja munandipatsa lobiriwira inu." Anayang'ana pansi. Wati tikamba Lolemba, ayambe waona chithunzi cha m'chifuwa.

Lachisanu, 11 Julaye

Chithunzi andijambula. Andimatanso mawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina n'kumalavula kapepala ka mizere yokhotakhota. Makilo 71.

Olipa wabwera ndi nsomba yowiritsa ndi chibwabwa, zonse zopanda mchere monga anamuuzira Sisita. Nsomba yasankhidwa bwino, poti ndiyo ntchito yake: amalawirira ku mtsinje kukagula kwa asodzi n'kukagulitsa pa msika. Koma nsomba yopanda mchere ndi chilango. Ndinadya kuti asadandaule.

Pomanga mbale anati akulu anga a Ackson anafika kunyumba dzulo, sanakhale pansi, anangosolola khadi lija pa chithunzi n'kumapita. Ndinafunsa kuti alitani. Anati, "Kaya, atate a Audrey." Koma maso ake ankadziwa.

Pa Sondo, 13 Julaye

Lero ndiye kwandipwetekadi, ndipo si matenda.

Akulu anga a Ackson ndiwo anandilera atate atamwalira. Ndiwo anandiitana ku Kafue n'kundigoneka pansi m'nyumba yawo mpaka nditapeza ntchito. Amagwira ku njanji, ndipo amakhala okha chimwalirire alamu anga a Mainess zaka zitatu zapitazo. Munthu wosaseka chisawawa. Ali ndi kachitini ka fodya kamene amasungamo mchere, sikachoka m'thumba. Ndiwo zothiridwa mchere ndi munthu wamkazi salawa, ngakhale akazi awo omwe ankaphika osathira, iwo n'kumadzithirira okha pa mbale.

Anabwera atavala nsapato za matayala m'kuzizira kuno, ati jombo za ku njanji zawatopetsa. Anakhala pa mpando akupuma wefuwefu, n'kumatukwana kamtunda kochokera ku siteshoni. Kenaka anati, "Mlamu, tatulukani pang'ono." Olipa anatuluka.

Anatulutsa khadi n'kuliika pa bulangete.

"Werenga. Azungu ndi makina awo anati mtima wako ulibe chilema. Juzijuzi pomwepa. Nanga chakutupitsa n'chiyani?"

Ndinati dokotala anena Lolemba.

"Usandipusitse Lastone. Uwu ndi mdulo."

Kwathu amati mkazi akagona ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amadulika: miyendo imatupa, chifuwa chimabanika, amatsokomola mpaka kufa. Sachira pokhapokha mkaziyo ataulula pamaso pa akuluakulu, wodwala n'kumwa mankhwala.

Anawerengera pa zala. Ine ndimagwira shifiti ya usiku. Olipa amalawirira kwa asodzi. Khadi likuti ndinali wolimba. "Ndipo achipatala omwe akuletsa chiyani? Mchere! Ukufuna umboni wanji? Ndinakuuza tsiku la ukwati wako kuti mchere uzithira wekha, iwe unaseka."

Ndinakuwa. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, koma wodi yonse inamva. Ndinati Olipa wakhala nane zaka khumi ndi ziwiri, sanandiyankhepo mwano, asamutchule dzina lauve pamaso panga. Chifuwa chinatseka. Sisita anathamanga ndi botolo la mpweya n'kuwatulutsa akulu anga ngati mwana.

Ba Lemmy lero sanandiseke.

Lolemba, 14 Julaye

Makilo 70. Awonjezera piritsi lina loti libwezere zimene lasikisi akukokolola m'magazi.

Dokotala Hamoonga anakhala pa bedi penipeni, n'kukweza chithunzi pa zenera. Wati mtima wa munthu uyenera kulingana ndi nkhonya yake. Wanga wadzaza kuposa theka la chifuwa, ndipo wafooka ngati thumba lakutha. Ukupopa, koma sukumaliza, ndiye madzi akutsalira m'miyendo ndi m'mapapo. Mchere umasunga madzi m'thupi, n'chifukwa chake awuletsa. Mchere wina uliwonse, wothira wina aliyense.

Ndinafunsa za khadi. Anafotokoza mosabisa, ndipo ndilembe bwino kuti ndisaiwale. Muyeso umene anatipimira unapangidwa m'tauni ina ya ku Amereka. Kumeneko madokotala anatsatira anthu zaka zambiri, n'kuona kuti amene amafa ndi mtima ndi osuta, onenepa, a mafuta ambiri m'magazi. Mitima ya kumeneko imafa chifukwa mitsempha yake imatsekeka ndi mafuta. Ndiye anatenga muyeso womwewo n'kudzatiyezera ife.

"Pa matenda yaja, ba Nkhuwa, mpaka lelo ndimwe ba gilini. Fodya simupepa, mafuta mulibe. Koma aya yamene muli nayo ni yenangu, ndipo muno m'mawodi yathu ndiye yapaka, yambili. Tinabwela na mafunso ya bene, osati yathu."

Ndinati chabwino, nanga a kuno amayamba ndi chiyani?

"Sitiziba."

Wati n'chifukwa chake akuzungulira zipatala tsopano. Aliyense wotupa mtima akumufunsa kwawo, zimene amadya, zimene anadwalapo ali mwana, ndi mmene makolo ake anafera. Akufuna kutsatira mabanja zaka khumi, mwina makumi awiri, kuti ifenso tikhale ndi muyeso wathuwathu. Zaka makumi awiri! Ine yankho ndikulifuna sabata ino.

Anandifunsa za atate. Ndinamuuza kuti anafa chotupa, ndili wamng'ono, ndisanayambe sukulu. Ndikukumbuka miyendo yawo itasanjikidwa pa mtondo. Maliro atatha, akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti amayi anawadula. Amayi anakana mpaka mawu kutha. Anawabweza kwawo ku Katete, ife n'kutsala, poti ife Angoni ng'ombe zikapita ana ndi a kuchimuna. Sindinawaonenso. Uthenga wa imfa yawo unandipeza ndili kale mnyamata wometa ndevu.

Analemba zonse, mwakachetechete. Ndinamupempha kuti akambe ndi akulu anga Lachinayi. Wavomera, koma wati sadzanama pa chimene sadziwa.

Lachiwiri, 15 Julaye

Abale a ba Morris anabwera ambiri, akununkha utsi wa nsomba. Ba Lemmy amamva Chitonga, ndiye anandimasulira. Ati ba Morris anawalodza msodzi mnzawo amene anakangana naye za maukonde. Matenda amodzimodzi, bedi kuyang'anana, koma aliyense ali ndi womunamizira wake.

Olipa sanatchule za pa Sondo. Inenso ayi. Anandipaka mafuta m'miyendo poti khungu layamba kung'ambika.

Lachitatu, 16 Julaye

Tsiku loipa. Makilo 70, osatsika. Kusanza. Achepetsa digokisini. Mapilo anayi kumsana. Sitima ya katundu yadutsa, ndinalephera ngakhale kutembenuka kuti ndiione.

Lachinayi, 17 Julaye

Akumana, ndipo zaipiratu.

Akulu anga anafika ndi nsapato zawo za matayala, akutsokomola, ati ndi fumbi la malasha. Anamvetsera dokotala mwaulemu, chipewa pa bondo. Anaona chithunzi. Anamva za ku Amereka. Atatha anafunsa modekha, monga amachitira pa milandu ya ku mpingo.

"Zikomo adokotala. Mtima wakula, ndaona. Chaukulitsa n'chiyani?"

"Icho tikali kufufuza, mudala."

"Ndiye simudziwa."

"Sitiziba, koma si mucele wa mukazi."

"Ngati simudziwa chimene chili, mwadziwa bwanji chimene sichili? Paja ndinu nomwe munati mwana uyu ndi wobiriwira."

Dokotala anavula magalasi n'kumawapukuta. Ndinamumvera chisoni, ndinamukwiyiranso. Sukulu yonse ija, kugonja kwa munthu wokhoma njanji! Koma akanatani? Ananena zoona, ndipo zoona zake n'zoperewera.

Atachoka dokotala, akulu anga anagamula. Atumiza kale uthenga kumudzi. Atate aakazi a Fines, mlongo wa atate athu, afika Loweruka pa basi ndi mankhwala. Pa Sondo, nthawi ya alendo, Olipa aulule pomwe pano, ine ndimwe. Akakana, ndiye kuti akufuna ndife, abwerere kwawo, Audrey ndi Ferdinand apite kumudzi kwa a Nkhuwa.

Ndinati ana ndi anga, ndikadali moyo. Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, n'kunena kuti, "Ndinaika atate. Sindifuna kuika iwe." Chondipweteka n'chakuti sakunama. Akundikonda, ndipo chikondi chawocho chikupasula nyumba yanga.

Lachisanu, 18 Julaye

Makilo 71. Akwera. Lasikisi tsopano kawiri pa tsiku.

Olipa sanapite ku mtsinje sabata yonse ino. Ati pa msika azimayi ayamba kale kunong'ona, ena akumulambalala pa mpopi. Nangongwe ndi yaing'ono, nkhani imafika kumapeto munthu usanatseke pakamwa.

Anakhala pansi pa simenti, mutu pafupi ndi dzanja langa, n'kunena motsitsa.

"Atate a Audrey, ine ndivomera."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Ndivomera pa Sondo. Ndinena kuti ndinalakwa ndi msodzi, dzina ndipeka. Mulungu akudziwa kuti sindinadziwe mwamuna wina chibadwire changa. Koma ndikakana anditengera ana. Ndipo mwina, kaya, mankhwalawo angakuthandizeni. Achipatala akuti sadziwa. Nanga tingokhala?"

Mayo ine! Ndinamugwira dzanja. Ndinati amake Audrey, mukavomera, dzina limenelo mudzafa nalo. Audrey adzakula akumva kuti amake anapha atate ake. Ndikudziwa mmene zimamvekera, ndinakula nazo. Ndipo ndikafa ndithu, monga mmene ndikuonera, adzati munaulula mochedwa, ana adzawatengabe.

Anati, "Ndiye nditani?"

Belu la alendo linalira, ananyamula mbale n'kumapita, nsana utawerama. Sanafike ndi zaka makumi atatu ndi zitatu zomwe.

Loweruka, 19 Julaye

Ba Morris apita m'mawa uno, nthawi ya phala. Anangotsamira kumbali. Anawatchingira makatani, kenaka kangolo kolira mawilo kanabwera. Pofika masana bedi linali litayalidwa kale nsalu zina.

Ba Lemmy anati, "Chaona muzako chapita, ba neba." Sanamalize. Anatembenukira kukhoma, mwendo wawo uli lende m'mwamba.

Makilo 72. Atate aakazi afika. Mawa ndi mawa.

Pa Sondo, 20 Julaye

Ndilemba pang'onopang'ono.

Anayamba kulowa atate aakazi a Fines, okalamba kwambiri tsopano, botolo lokulungidwa m'nsalu lili m'manja. Iwowa analipo pogamula mlandu wa amayi. Anandilira pang'ono monga mwa mwambo n'kukhala pansi. Olipa anagwada chapatali, atafunda chitenje mpaka kumutu. Akulu anga analowa pomaliza, mochedwa, atagwira khoma. Anadzigwetsa pa mpando pafupi ndi bedi, pakamwa pali yasa.

Atate aakazi anayamba: "Mwana wanga Olipa, kulakwa n'kwa anthu. Masula mwamuna wako. Nena."

Olipa anakweza mutu. "Ine, amayi..."

Ine ndinalephera kumuyang'ana. Ndinagwetsa maso pansi, ndipo poti andikhazika tsonga ndi mapilo, maso anagwera pa mapazi a akulu anga. Anali atamasula lamba wa nsapato imodzi kuti phazi lipume. Pamene panadutsa lambayo panali ngalande yakuya, phazi lonse lili nyezinyezi ngati langa.

Jombo zothina. Kamtunda ka ku siteshoni. Chifuwa cha malasha. Ha! Ine amene ndinaboola lamba ndi msomali, osaona sabata yonse!

Ndinati, "Amake Audrey, khalani chete. Akulu, ikani mwendo wanu pano pa bedi."

"Wapenga?"

"Ndikupempha monga wodwala. Mukakana, mankhwalawo sindimwa, mundiike choncho."

Anayang'ana atate aakazi, atate aakazi n'kugwedeza mutu kuti amuchitire wodwala zofuna zake. Anaukweza ndi manja awiri. Ndinapinda buluku lawo mpaka pa bondo. Ndinadina chala chachikulu pa msongolo, monga anandichitira Sisita tsiku loyamba, n'kuchichotsa.

Kadzenje kanatsala. Tonse tinakayang'ana. Sikanabwerere.

Ndinavundukula bulangete, ndinadina wanga, miyendo iwiri ili pamodzi, maenje awiri.

"Akulu, mchere wanu amathira ndani?"

Atate aakazi anafulumira: "Mwina anadya kwina, ku maliro kapena ku kantini ya ku ntchito, wina n'kumuthirira."

"Sindidya kwa munthu," anatero akulu anga, mawu ali pansi. "Chifere atate sindinalawe mchere wa mkazi. Mukudziwa inu."

Akanatha kunama, mlandu ukanapitirira. Sananame. Anatsitsa mwendo, anatola chipewa, anatuluka lamba wa nsapato akukwekwereza pansi. Atate aakazi anamanganso botolo lawo m'nsalu n'kuwatsatira, akung'ung'udza kuti za m'tauni sazimvetsa. Sanavomere kanthu, ndipo sindiyembekeza kuti adzavomera.

Olipa anali chigwadire. Sisita Clementina ndiye anadzamudzutsa: "Imani mayo, simenti izizila." Apo m'pamene analira, kulira kwenikweni, ba Lemmy nawonso n'kumafwenthera.

Ndapambana mlandu ndi mwendo wa mkulu wanga. Chisangalalo palibe.

Lolemba, 21 Julaye

Makilo 73. Mpweya wa m'botolo pafupifupi tsiku lonse.

Ndamuuza dokotala zonse. Anafunsa kuti tinabadwa angati ndipo ana tili nawo angati. Wati mabanja otere wakumana nawo angapo, koma sangalumbire kuti zimayenda m'magazi. Ndinamufunsa ngati mtima wanga ungabwerere mwakale. Wati ayi. Madzi angachepe, mtima ayi. Ndamuthokoza posandinyengerera.

Akulu anga sanabwere.

Lachiwiri, 22 Julaye

Sanabwere. Olipa anapita ku nyumba za njanji, anapeza chitseko chotseka, utsi ukutuluka. Anagogoda, akulu anga sanatsegule. Anasiya nkhuni pakhomo.

Lachinayi, 24 Julaye

Akulu anga abwera okha m'mawa, atavala jekete la ku tchalitchi, n'kukaima pa mzere wa dokotala ngati wina aliyense. Chithunzi chaonetsa zomwezo. Wawo sunafike pa wanga, koma uli m'njira. Awagoneka pa bedi la ba Morris. Tsopano tikuyang'anana, botolo langa apa, lawo apo.

Masana Olipa anabwera ndi mbale ziwiri. Sindinamuuze ine. Anagwada pa bedi lawo n'kuwasambitsa m'manja. Akulu anga anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenaka anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kachitini kaja.

"Mlamu, tengani aka. Mukathire m'ndiwo za ana."

Anadya zonse, nsomba ndi nshima yomwe. Za ana kupita kumudzi sanatchulenso, ndipo khadi lija alipereka kwa dokotala, ati mwina lingamuthandize kudziwa pamene anaphonya.

Alendo atapita anandiitana, mawu osamveka bwino. "Lastone. Tsiku lija mtolo wa amayi ndinanyamula ndine, mpaka pa msewu. Anandiitana kawiri. Sindinatembenuke." Anafuna kuwonjezera, chifuwa chinawagwira. Ku Katete kulibenso woti tikamupepese.

Lolemba, 28 Julaye

Makilo 75. Kulemba kukuvuta.

Dokotala anapempha kuti aone ana, awaike m'kafukufuku wake, aziwapima chaka ndi chaka. Olipa wawabweretsa. Wati pakali pano onse ali bwino. Ndinafunsa za m'tsogolo. Wati khadi sapereka, la mtundu uliwonse. Akadzafika msinkhu wanga, mwina adzakhala atadziwa.

Sisita anawalola kulowa pang'ono ngakhale ana saloledwa. Ferdinand anaopa botolo la mpweya, anabisala kumbuyo kwa amake. Audrey anakwera pa bedi, anaona kabuku kake n'kundifunsa chifukwa chake ndang'amba masamu ake. Ndinati ndidzamugulira kena.

Ndinamugwira kamwendo. Ndinadina chala pa msongolo n'kuchichotsa. Mnofu unabwerera pomwepo. Iye anaseka, akuyesa ndi masewera, n'kundipatsa mwendo winawo. Ndinadinanso. Kutsidya, akulu anga anali atadzuka tsonga, akuyang'ana chala changa.